Boti la mapasa: kachibowo kosuzumirira ndi mawaya ogwira mlongoti

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Amayi mumazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa chigubu cha malita 20 chikamachokera kumjigo, khosi ndilo limachitira umboni. Tsono taganizani madzi a m'chigubu chomwecho ali m'kati mwa boti lomatidwa mbali zonse, mopanda poti munthu n'kusuzumira. Pamwamba boti likuoneka louma, utoto ukuwala, alendo akujambulitsa zithunzi, koma m'mimba mwake muli katundu amene palibe anamukweza. Katunduyo sakhala malo amodzi. Boti likaweramira kutsogolo madziwo amathamangira kutsogolo, likapendekera kumanzere nawonso amapita komweko, ndipo nthawi zonse amapita kumbali imene ikumira kale.

Maboti amene tikukamba pano ndi aja oyendera mphepo, a matanga amitundu yowala, amene mumawaona pamchenga ku Cape Maclear, ku Senga Bay, ku Chintheche ndi m'malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Dzina lake ndi catamaran. Ndi mabwato awiri aatali, opyapyala, olumikizidwa ndi mitanda iwiri yachitsulo, ndipo pakati pake amakungapo chinsalu cholimba chokhalapo anthu. Ife tingowatcha maboti a mapasa. Eni ake kawirikawiri ndi anthu a ndalama, izo n'zoona. Koma amene amawakankhira m'madzi m'mawa uliwonse, kukweza matanga, kunyamula alendo ndi kuwakonza akawonongeka, ndi ana athu ndi amuna athu a m'midzi ya kunyanja. Komanso mabungwe a amayi, makwaya ndi magulu a achinyamata akapita kokapitidwa mphepo kunyanja, ndi maboti omwewa amene amaitanidwa kuti akwere.

Boti lopepuka koma laliwiro

Mawu akuti catamaran anachokera ku chilankhulo cha Tamil, chimene chimalankhulidwa kumwera kwa India ndi ku Sri Lanka, ndipo amatanthauza mitengo yomangidwa pamodzi. Asodzi a kumeneko ankamanga zipika ndi zingwe n'kumalowa nazo panyanja. Maboti a mapasa aang'ono amene afala masiku ano anatchuka chifukwa cha Hobie Alter, mmisiri wa ku California m'dziko la America, amene anatulutsa boti lotchedwa Hobie 14 mu 1968, kenako lalikulupo lotchedwa Hobie 16. Lachiwirili ndilo lawanda kwambiri: apangidwa oposa 100,000 padziko lonse. M'litali ndi mamita 5 ndi pang'ono, m'lifupi ndi pafupifupi mamita 2.4, ndipo limalemera makilogalamu 145 okha, kusafika ngakhale matumba atatu a chimanga. Mlongoti wake ndi wa mamita 8.

Yerekezani manambala amenewo. Boti lopepuka chotere, lokhala ndi mlongoti wautali kuposa boti lenilenilo, limathamanga kwambiri mphepo ikangowomba, ndipo limatembenuzika msanga. N'chifukwa chake okonda mipikisano amalikonda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, panyanja yathu pakhala pakuchitika mpikisano wa maboti oterewa m'nyengo ya mwera, kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, mtunda woposa makilomita 500. Koma kupepuka komweko ndiko kumachititsa kuti malita 20 obisika m'bwato limodzi akhale nkhani yaikulu. Bwato lolemedwa limakhala pansi kuposa linzake, mphuno yake imalowa m'funde m'malo mokwera pamwamba, ndipo boti likakhala paliwiro limatha kugudubuzika chamutu, anthu n'kuponyedwa kutsogolo kumene kuli mawaya.

Kutembenuzika pakokha si imfa. Maboti amenewa anapangidwa kuti anthu awiri aakulu athe kuwadzutsa ali pamadzi pomwepo, pokoka chingwe chimene chimakhala chomangiriratu. Koma bwato limodzi likakhala ndi madzi ambiri, kapena mlongoti ukamwa madzi, boti limagona chafufumimba, mlongoti n'kuloza pansi pa nyanja, ndipo polidzutsa pamafunika boti lina la injini.

Madzi amalowera pati?

Bwato la mtengo la msodzi ndi lotseguka. Madzi akalowa amaoneka, ndipo mwana amene wakhala kumbuyo amangotenga chigubu chodula n'kumakapa. Bwato la catamaran ndi lomatidwa ngati chipanda chosatsegula. Limapangidwa ndi faiba, ndipo m'malo ambiri khoma lake lili ndi zigawo zitatu: chikopa cha faiba kunja, siponji youma pakati, ndi chikopa china m'kati. Kumbuyo kwenikweni kuli kabowo kakang'ono kotsekedwa ndi pulagi kotulutsira madzi boti likakhala pamtunda. M'maboti ambiri akale, kabowo kameneka ndiko khomo lokhalo.

Malo olowera madzi ndi odziwika. Pansi pa bwato pamaperepeseka chifukwa chokokedwa pamchenga tsiku ndi tsiku, mpaka faiba imapyapyala ngati chikhadabo. Pamsoko pamene denga la bwato linamatidwa ndi thupi lake pamatha kung'aluka boti likagunda mwala kapena linzake. Mabawuti ogwira chiwongolero amakhwepa. Mphira ya pulagi imauma ndi dzuwa n'kusweka. Palinso njira ina imene anthu ambiri saiganizira. Boti likakhala padzuwa la mu Okutobala, mpweya wa m'kati umatentha n'kufufuma, wina n'kutuluka. Likangokankhidwira m'madzi ozizira, mpweya wotsalawo umanyala, ndipo bwato limayamwa madzi kudzera pa mng'alu uliwonse umene uli pansi, ngakhale wosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake opanga maboti amasiya kanjira kakang'ono kopumira pamalo okwera. Mmisiri wosadziwa akakaona amakamata poganiza kuti ndi pobooka, osadziwa kuti akuwonjezera vuto.

Madzi amene akhala m'kati miyezi yambiri amachita zoposa kulemeretsa. Amalowerera pakati pa zikopa ndi siponji ija, zigawozo n'kulekana. Mukaponda padenga la bwato loterolo mumamva kufewa ngati mwaponda papaya lakupsa, nthawi zina kumveka kuthetheka. Pa Hobie 16 kufewa kumeneku kumakonda kuyamba patsogolo pa mtanda woyamba, pamalo amene amasenza mphamvu yaikulu boti likamalimbana ndi mafunde. Bwato lofewa pamenepo limatha kuthyoka. M'katimo mumakhalanso zipika za siponji zoti boti lisamire ngakhale litabooka, koma nazo zikakhalitsa m'chinyontho zimamwa madzi n'kusanduka katundu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo boti lopakidwa utoto watsopano pogulitsa liyenera kukayikiridwa koposa lozilala.

Pali njira yosavuta yopezera pobooka, ndipo zipangizo zake zili m'nyumba mwanu. Sungunulani sopo m'madzi mpaka achite thovu. Wina apope mpweya pang'onopang'ono pa kabowo ka pulagi ndi pampu ya njinga, wina azipaka madzi a sopowo pamisoko, pamabawuti ndi pansi ponse. Pamene patuluke timathovu ndi pomwepo. Mpweya ukhale wochepa kwambiri. Makina opopera matayala a galimoto asayandikire n'komwe, chifukwa bwato linapangidwa kuti lizipirira mphamvu yochokera kunja, osati ya m'kati, ndipo likhoza kung'ambika msoko wonse.

Kuboola kuti uone

Apa ndi pamene pamabwera kachibowo kosuzumirira, kamene m'masitolo a zipangizo za maboti amakatcha inspection port. Ndi mkombero wa pulasitiki wokhala ndi chivindikiro chopotokola ngati cha botolo la mafuta odzola, ndipo pansi pa chivindikirocho pali kamphete ka mphira kotchinga madzi. Tofala kwambiri ndi ta masentimita 10, 13 ndi 15 kukamwa kwake. Kakang'ono kamalola dzanja lokha, kakakulu kamalola mkono wonse ndi sipanala. Ndi kachibowo kameneka munthu amatha kupukuta madzi onse ndi chinkhupule, kuumitsa m'kati, kugwira nati ya bawuti ya chiwongolero, ndi kumata mng'alu kuchokera m'kati, kumene chigamba chimagwira bwino koposa. Masiku ano amangolowetsa foni yoyatsa tochi n'kujambula, n'kuona zimene kale ankangoganizira.

Si onse amagwirizana nako kuboolaku. Alipo eni maboti amene amati bwato losadontha lisakhudzidwe, chifukwa bowo lililonse limafooketsa denga ndipo chivindikiro nacho chikhoza kudontha. Akunena zoona, ndipo boti latsopano louma palibe chifukwa cholichekera. Koma maboti ambiri amene akugwira ntchito yonyamula alendo ndi akale, ena aposa zaka 20, ndipo amalowa m'madzi kangapo patsiku. Boti lotero kulisiya lomata n'chimodzimodzi nkhokwe yopanda khomo: umangomva fungo kuti m'kati zinthu zavunda.

Funso lalikulu ndi malo oboola. Padenga la bwato si ponse pofanana. Pafupi ndi pamene mitanda yalumikizana ndi bwato, pamene pamangidwa mawaya, ndi patsogolo pa mtanda woyamba, ndi malo osenza katundu, ndipo kucheka pamenepo n'kuitana ngozi. Amisiri ambiri amasankha kumbuyo kwa mtanda wachiwiri, kufupi ndi chiwongolero, chifukwa madzi amatsikira komweko boti likatukulidwa mphuno, komanso mabawuti ovuta aja ali pafupi. Malowo akhale osalala momwe zingathekere. Denga la mabwato amenewa ndi lokhota pang'ono, pamene mkombero ndi wathyathyathya. Mukaukakamiza ndi mabawuti kuti utsatire kukhotako, umapindika, ndipo chivindikiro chimakana kupotokoka kapena chimasiya mpata. Ilipo mikombero yopangidwa mokhota kale. Ikasowa, mmisiri amayala guluu wolimba wa epoxy pansi pake kuti apange pokhalira pofanana.

Asanacheke, mmisiri wanzeru amaboola kabowo kakang'ono pakati pa malo amene wasankha, n'kulowetsa waya wopinda kuti afufuze ngati pansi pali khoma kapena chipika cha siponji. Akakhutira amajambula mzere pogwiritsa ntchito mkombero womwewo, n'kumata tepi mozungulira kuti utoto usatekeke, kenako n'kucheka ndi sowo ya mano aang'ono, mosathamanga. Bowo likhale lothina pang'ono, chifukwa kukuza ndi sandipepa n'kotheka koma kuchepetsa n'kosatheka. Chidutswa chimene chachokapo asachitaye msanga. Chimenecho ndicho chimanena zoona za bwato lonse: ngati siponji yake ili youma ndi yomatirira ku zikopa zonse ziwiri, zinthu zili bwino, koma ikatuluka madzi poifinya, ntchito yakula.

Pali gawo limene anthu othamangira kumaliza amalidumpha, pamene ndilo lofunika kuposa onse. M'mphepete mwa bowo latsopanolo siponji ija yatsala pamtunda. Ikasiyidwa choncho, dontho lililonse lodutsa pansi pa mkombero limalowa m'menemo, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu denga lonse lozungulira limafewa. Kachibowo koti kachize boti kamakhala ndiko kaliwononga. Choncho siponjiyo imakumbidwa pang'ono mozungulira, pafupifupi theka la sentimita, mpatawo n'kudzazidwa ndi epoxy wokandidwa ngati phala lolimba, ndipo amasiyidwa usiku wonse kuti aume. Timabowo ta mabawuti natonso timapakidwa chimodzimodzi. Mabawuti akhale a chitsulo chosachita dzimbiri, okhala ndi nati kunsi, osati misomali yopotokola ya kalipentala imene imangoluma chikopa chopyapyala. Pansi pa mkombero pamapakidwa phula lomatira la maboti, ndipo mabawuti amamangidwa mosinthanasinthana, uku ndi uko, mpaka phulalo litangoyamba kutuluka m'mbali. Apo n'pokwanira.

Bwato likatseguka lisiyidwe pamthunzi masiku angapo kuti liume, koma pakamwa pake pakutidwe ndi kansalu ka sefa ya pawindo, kuti udzudzu, mavu ndi njoka zisapezepo nyumba. Chivindikiro chimangiriridwe ndi kachingwe m'kati kuti chisatayike, chizitsekedwa ndi dzanja lokha popanda chida, ndipo mchenga uzichotsedwa m'mizere yake. Kamphete ka mphira kakangoyamba kuuma kasinthidwe. N'kotsika mtengo kuposa china chilichonse paboti, koma kakasweka, bowo la masentimita 13 limakhala poyera nthawi imene boti lagona cham'mbali m'madzi.

Fumbi limene limafika kunyumba

Gawo ili likukhudza inu mwachindunji, amayi amene mumachapa zovala za anyamata ogwira ntchitoyi. Faiba ndi ulusi wa galasi. Ikamachekedwa kapena kukhulidwa ndi sandipepa imatulutsa fumbi la tizidutswa takuthwa timene timabaya khungu, kufiiritsa maso ndi kukhosomoletsa. Wogwira ntchitoyi avale chotchinga pamphuno ndi pakamwa, magalasi, ndi malaya a manja aatali, ndipo agwirire panja pomwe pakupita mphepo. Akamaliza asambe ndi madzi ozizira kaye, osadzikanda. Zovala zake zikung'unthidwe kutali ndi khomo, zichapidwe pazokha, ndipo zisalowe m'beseni limodzi ndi matewera kapena zovala za ana. Mwana akayamba kuyabwa thupi lonse popanda chifukwa chooneka m'sabata imene bambo ake akukonza boti, yambani mwafunsa za beseni.

Epoxy wosauma ndi woopsa mwa njira ina. Akamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limafika pomukana, ndipo kuyambira pamenepo munthu amatuluka zidzolo ndi kutupa akangomuyandikira, mwina moyo wake wonse. Mmisiri wotero ntchito yamuthera. Magolovesi ndi ofunika, ndipo guluu akagwera pakhungu achotsedwe ndi sopo ndi madzi, osati petulo kapena thina, chifukwa zimenezo zimangomulowetsa m'kati. Zitini zosakanizira zisadzasanduke makapu omwera madzi kapena zoseweretsa ana. Ndipo poti anyamatawa amakhala m'madzi osaya tsiku lonse, magazi akaoneka mumkodzo apite kuchipatala kukayezetsa likodzo. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Mawaya atatu

Mlongoti wa catamaran sunakumbiridwe kapena kukhomeredwa paliponse. Umangoima pa kachitsulo kozungulira pakati pa mtanda wa kutsogolo, ngati munsi woimikidwa mumtondo wosaya, ndipo umayenera kutembenuka uku ndi uku motsatira thanga. Chimene chimaugwira kuti usagwe ndi mawaya atatu: wina kumanzere, wina kumanja, ndi wina kutsogolo amene kunsi kwake amagawikana pawiri kupita ku mphuno za mabwato onse awiri. Zili ngati mafuwa. Limodzi likachoka, mphika ulibe pokhala. Waya mmodzi akaduka, chitsulo cha mamita 8 chimagwa nthawi yomweyo pamodzi ndi thanga, ndipo pansi pake pali anthu.

Kunsi kwa waya wa m'mbali aliyense kuli kachitsulo ka mabowo ondondozana, ndipo pini imalowetsedwa pa bowo limene woyendetsa wasankha. Pini ikatsika, waya amafupika ndipo mlongoti umapendekera kumbuyo. Ikakwera, mlongoti umaimirira. Lamulo loyamba ndi losavuta: mabowo awerengedwe, ndipo akhale ofanana mbali zonse ziwiri. Wofuna kutsimikiza amatenga chingwe chokwezera thanga, n'kuchikhudzitsa pamalo amodzi kumanzere, kenako pamalo ofanana nawo kumanja. Chikaperewera mbali imodzi, mlongoti wakhota, ndipo boti lidzayenda bwino polowera kwina koma n'kumavuta pobwerera.

Kupendeketsa mlongoti kumbuyo kuli ndi phindu lake. Mphamvu ya mphepo imasunthira chakumbuyo, mphuno zimapepukidwa, ndipo chiopsezo chogudubuzika chamutu chija chimachepa. Mphepo ikakula, oyendetsa odziwa amawonjezera kupendekekako. Koma zikapitirira, boti limayamba kulimbana ndi woyendetsa, kumafuna kutembenukira kumene kukuchokera mphepo, ndipo ndodo ya chiwongolero imakoka mkono mpaka phewa kuwawa. Komanso zigudumu za chingwe chokokera thanga lalikulu zimakumana thangalo lisanakungike. Palibe bowo limodzi loyenera maboti onse ndi masiku onse. Woyendetsa amayesa, n'kusintha bowo limodzi lokha pa ulendo umodzi, ndipo wanzeru amalemba m'kope zimene wapeza, kuti mnzake wobwera pambuyo asayambirenso pachiyambi.

Anthu ambiri amaganiza kuti waya wokungika kwambiri ndiye wotetezeka. Pa boti la mapasa si choncho. Mawaya akakungika ngati nsambo za gitala, mlongoti umakanika kutembenuka, umapondereza mtanda wa kutsogolo, ndipo mphuno ziwiri zija zimakokedwa kuti ziyandikane, faiba n'kumang'aluka pang'onopang'ono. Akalekerera kwambiri, mlongoti umagwedezeka pa funde lililonse n'kumamenya mapini ngati nyundo, ndipo chitsulo chomenyedwa choncho chimatopa n'kuthyoka popanda chenjezo. Poyenera ndi pakati: boti lili pamchenga, mlongoti uzitha kutembenuzidwa ndi dzanja limodzi koma usamagwedere. Pamadzi, waya wa mbali imene kukulowera mphepo akamaoneka wolekerera pang'ono, musachite mantha, ndi mmene zimakhalira. Pa Hobie 16 kukungika kwenikweni kumachokera pa chingwe chokwezera thanga laling'ono la kutsogolo, chifukwa thangalo lili ndi waya wakewake m'mphepete, amene amalanda katundu kwa waya wa kutsogolo uja. Chinsalu chokhalapo nacho chizikungidwa bwino, popeza chimathandiza kuti mabwato awiriwo ayende ngati thupi limodzi. Ndipo pansi pa mtanda wa kutsogolo pali kandodo kachitsulo kochirikiza mtandawo pamene paima mlongoti. Nati yake ikakhwepa, mtanda umayamba kupindika.

Posintha bowo, pini isazulidwe mlongoti uli wosagwiridwa. Munthu mmodzi amakoka chingwe china cholimba chochokera kumwamba kwa mlongoti kumbali yomweyo, kuti katundu achoke pa wayayo, ndipo mnzake ndiye amasuntha pini. Matanga akhale atatsitsidwa, ana akhale kutali. Pini iliyonse ili ndi kamphete kotsekera, kachitsulo kochepa ngati ndolo, ndipo kameneka kakulungidwe ndi tepi kuti chingwe chisakakole n'kukatsegula. Pini ikatayika mumchenga, msomali kapena waya wa mpanda si mlowam'malo wake, ngakhale alendo atakhala kuti alipira kale ndipo akudikira. Apa mpamene mnyamata wolembedwa ganyu amafunika kulimba mtima kuti anene kuti boti silipita, ndipo kumakhala kosavuta ngati akudziwa kuti kunyumba sakamudzudzula chifukwa cha ndalama ya tsikulo.

Waya amaonetsa kukalamba kwake kwa amene akufuna kuona. Ndi tinsambo tambiri topotedwa pamodzi, ndipo kamodzi kakaduka kamatuluka ngati minga. Poyesa, pititsani kansanza m'litali mwa waya, osati dzanja, chifukwa kansambo koduka kamang'amba chikhatho. Nsanza ikakola, waya yense asinthidwe, pamodzi ndi mnzake wa mbali inayo, popeza anakalambira limodzi. Malo oyang'anitsitsa ndi kumapeto, pamene waya walowa m'chitsulo chofinyidwa. Mzere wa dzimbiri, mng'alu kapena kupindika pamenepo ndi chizindikiro chokwanira. Mawaya ena amakutidwa ndi pulasitiki, ndipo amenewo ndi achinyengo, chifukwa amadyeka m'kati kunja akuoneka bwino. Nyanja yathu ilibe mchere, choncho dzimbiri silifulumira ngati ku Beira kapena ku Durban, ndipo zimenezi zimagonetsa anthu tulo. Koma kutopa kwa chitsulo sikudalira mchere, ndipo boti logulidwa kwa munthu wa kunyanja ya mchere limabwera ndi matenda ake.

Ngozi ina imachitikira pamtunda. Mlongoti ndi wa aluminiyamu, chitsulo chimene magetsi amadutsamo mosavuta, ndipo m'mayiko ena anthu afa poukweza kapena pokankha boti pansi pa mawaya a magetsi. Opanga Hobie anafika posintha nsonga ya mlongoti kuti ikhale ya zinthu zosadutsa magetsi, koma maboti ambiri akale alibe nsonga yoteroyo. Asanadzutse mlongoti, anthu ayang'ane kumwamba, ndipo ayang'anenso njira yonse yopita kumadzi. M'nyengo ya dzinja, mitambo yakuda ikayamba kugunda, boti la mlongoti ndilo chinthu chachitali kwambiri panyanja, ndipo malo ake ndi pamtunda.

Mukaitanidwa kuti mukwere

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo pena imazama mpaka mamita 700. Mwera, mphepo yochokera kumwera imene imalimba kuyambira Juni mpaka Ogasiti, imakhala ndi mtunda wautali wounjikira mafunde. Ndi mu Julaye 1946 pamene sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutaya miyoyo, ndipo imeneyo inali sitima yachitsulo ya injini. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chomira, ndipo kuyambira mu 2021 tsiku la 25 Julaye linapatulidwa ndi United Nations kuti likhale lokumbutsana za kupewa imfa zoterezi. Kwa ife tsikuli limagwa pakati penipeni pa mwera.

Izi sizikutanthauza kuti muzikana kukwera. Ulendo wa pa boti la matanga m'mawa kuli bata ndi wokoma, mulibe phokoso la injini kapena fungo la petulo, mumangomva madzi akusisita mabwato. Koma amene mukutsogolera gulu muli ndi ufulu wofunsa, ndipo simufunika kukhala mmisiri. Pemphani kuti atsegule chivindikiro musuzumire nokha. Ngati boti lilibe kachibowo, atukule mphuno, atsegule pulagi, muone zimene zituluke, ndipo muonetsetse kuti mapulagi onse awiri abwezeredwa. Yang'anani kunsi kwa mawaya ngati pali pini ndi kamphete kake, osati msomali. Funsani chingwe chodzutsira boti. Aliyense avale jekete yoyandamitsa yomukwana, yomangidwa malamba onse, ngakhale amene amati anabadwira kunyanja. Chitenje chimangidwe mwachidule kapena chivulidwe kutsale zovala zothina, chifukwa nsalu yonyowa imazinga miyendo komanso imakola m'zingwe. Hobie 16 inapangidwira anthu awiri pa mpikisano, ndipo paulendo wongosangalala anayi ndiwo malire. Kwaya yonse idikire nthawi yake pamchenga.

Boti likabwerako, woyendetsa wosamala amatsegulanso zivindikiro, n'kufinyira madzi a m'chinkhupule m'kapu kuti awayeze. Kapu imodzi pambuyo pa maola awiri pamafunde si yodetsa nkhawa. Malita awiri kapena atatu, makamaka akamachokera m'bwato limodzi lomwelo tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mawa m'mawa pafunika sopo, pampu ya njinga ndi anthu awiri.